Amene Amapereka Chiphaso Sagona Kwathu Kuno

Amayi anzanga, pali kapepala kena kamene ambiri a ife sitinakagwirepo m'manja, chikhalirecho kali ndi mphamvu pa tulo tathu, pa maphunziro a ana athu, ngakhalenso pa ndalama ya ndiwo ya pakhomo. Kapepalaka ndi chiphaso chogulitsira mowa, chimene ena amachitcha laisensi. Chimalembedwa ku ofesi ya khonsolo masana dzuwa likuswa mtengo, koma zipatso zake zimapsa usiku, ndipo amene amazidya ndife okhala kuseri kwa mpanda wa bala. Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za chiphaso chimenechi, pakuti ndaona kuti timadandaula kwambiri pa chitsime ndi pa mpopi, koma ndi owerengeka mwa ife amene amadziwa khomo loyenera kugogoda.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindidana ndi mowa kapena ndi ofulula mowa. Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi amene mowa wawo wa masese unkadziwika midzi itatu, ndipo yunifolomu yanga yoyamba inatuluka mu mbiya yawo. Koma mowa wa masiku amenewo unali ndi malire ake. Kuti ufululidwe pankapita masiku: kuviika chimanga kapena mawere, kudikira kuti chimera chimere, kuchiyanika, kusinja, kuphika, ndi kudikiranso kuti mowawo uwire. Amfumu ankadziwitsidwa tsiku lisanafike. Pa tsiku lomwa anthu ankakhala pabwalo poyera, chipanda chikuzungulira, akuluakulu ali tcheru kuona amene wayamba kulankhula mopyola muyeso. Mbiya ikauma, agogo ankaipendeketsa kuti aliyense adzionere yekha kuti pansi patsala masese okhaokha, ndipo anthu ankasasa fumbi nabwerera kwawo. Panalibe wotchi, panalibenso wapolisi. Kuuma kwa mbiya ndiko kunali nthawi yotsekera, ndipo pambuyo pake mudzi unkapuma sabata ziwiri kapena zitatu mowa wina usanapse.

Lero mbiya ija siuma ayi. Chiyambire pamene fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa mu Blantyre mu 1968, ndi pamene Chibuku cha m'mapaketi chinafika ponseponse, mowa unasanduka katundu wobwera pa galimoto monga shuga kapena sopo. Kireti ikatha amatsegula ina. Magetsi akazima amaliza jenereta. Ngakhale thumba la womwa silikuthanso monga kale, pakuti ndalama za m'thumba zikatha, zina amazitulutsa mu foni ali chikhalire pa benchi. Onjezanipo zokuzira mawu zazitali ngati munthu, ndi mpira wa ku Ulaya umene umaonetsedwa pa kanema mpaka usiku. Malire amene mbiya ndi mwambo zinkaika anachoka onse, ndipo m'malo mwake munatsala mzere umodzi wa pa chiphaso, wonena ola lotsegulira ndi ola lotsekera. Mzere umenewo ukalembedwa mosasamala, kapena ukalembedwa koma osatsatidwa, palibenso china choimitsa.

Ku lokeshoni kumene ndimakhala, nyumba imene timagawana nayo mpanda inali ya banja la ana anayi. Bambo wa m'nyumbamo atamwalira, mayi wamasiye anayamba kugulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi pa windo, ndipo tonse tinkagula pofuna kumuthandiza. Patapita miyezi tinaona khonde likukuzidwa, malata atsopano akukhomedwa, mabenchi akutsitsidwa pa ngolo. Palibe amene anatifunsa kanthu. Sitinaone chikalata pa khoma kapena pa mtengo chonena kuti wakutiwakuti wapempha chiphaso, amene ali ndi mawu abwere adzanene. Tinadziwa kuti tsopano tili ndi bala usiku umene galasi la pa windo la kuchipinda kwathu linayamba kunjenjemera lokha.

Anthu amene sanakhalepo pafupi ndi malo otere amayesa kuti vuto ndi nyimbo. Nyimbo munthu angathe kuizolowera. Chimene sichizolowereka ndi kugunda kwa pansipansi kuja, kumene kumadutsa m'khoma nikulowa m'chifuwa, kotero kuti ngakhale utatseka makutu ndi pilo umakumvabe m'nthiti. Ndipo nyimbo zikaleka, mtendere subwera nthawi yomweyo. Imeneyo ndiyo nthawi ya zitseko za galimoto, ya mikangano ya ngongole, ya mfuu ya mkazi amene sukudziwa ngati akuseka kapena akumenyedwa. Umagona uli maso, ukudzifunsa ngati n'koyenera kudzutsa bambo kuti akaone, kapena ngati kutero n'kuwaika m'kamwa mwa mkango.

Kukacha ndiye ntchito ya ife amayi. Pa balapo panali chimbudzi chimodzi cha anthu onse, tsono mpanda wathu unasanduka chimbudzi chachiwiri, ndipo fungo lake m'mwezi wa October silisimbika. M'kanjira kamene ana amadzera popita ku sukulu, ena osavala nsapato, tinkasesamo mabotolo osweka, pamodzi ndi zina zimene sindingazitchule pa tsamba lino. Mwana wanga wamkazi ndinaleka kumutuma machesi kapena tomato dzuwa likapendeka, chifukwa cha mawu amene abambo a msinkhu wa atate ake ankamuponyera. Mchimwene wake anali pafupi kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo aphunzitsi anandiitana kudzandifunsa chifukwa chake mnyamata wakhama chotere wayamba kuwodzera m'kalasi. Apongozi anga, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anangokhala masiku anayi namanga katundu wawo. "Mwananga," anatero, "kuno ndifa ndi ng'oma, osati ndi matenda." Nthawi zina ndimadabwa ndi chinenero chathu, kuti mawu amodzi omwewo akuti mabala amanena malo omwera mowa nanenanso zilonda.

Mudzakumbukira kuti mu January 2021, mliri wa Covid-19 utakula mpaka kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula kuti malo onse omwera mowa azitsekedwa pofika 8 koloko usiku, ndi kuti pasapezeke munthu woyendayenda ikakwana 9 koloko. Inali nyengo ya maliro ndi mantha, ndipo palibe mayi amene angailakelakenso. Komabe m'masabata amenewo ndinamva achule akulira ku dambo kwa nthawi yoyamba chitsegulire bala ija, ndipo amuna ambiri a m'dera lathu anadya nsima yamadzulo ikali yotentha. Bala sinagwe. Mwini wake anadandaula, koma anapitiriza malonda. Apo ndi pamene ndinaona ndi maso anga kuti kutseka malo omwera mowa pa ola loikika n'kotheka ndithu, malinga akuluakulu atafuna. Lamulo lija litafewetsedwa, galasi la pa windo linayambiranso kunjenjemera.

Kodi tsono amene amalola kapena kukana ndani? Lamulo lalikulu la mowa m'dziko muno, lotchedwa Liquor Act, ndi la 1979. Limaletsa kugulitsa mowa popanda chiphaso, limaletsanso kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ntchito yopereka ziphaso ili m'manja mwa makhonsolo, a m'mizinda ndi a m'maboma omwe. Ziphasozo zili m'mitundumitundu, pakuti cha hotela sichifanana ndi cha tavani, ndipo cha bala wamba sichifanana ndi cha malo ovinira usiku. Chiphaso si chamuyaya. Chimatha, ndipo mwini wake amayenera kukapemphanso. Palinso lamulo la mapulani a malo la 2016, limene cholinga chake china n'chakuti nyumba yogonamo anthu isamangosandutsidwa malo a malonda popanda chilolezo. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti umene unkawononga anyamata athu, ngakhale kuti sipanatenge nthawi kuti mowa womwewo ubwerenso m'timabotolo. Mu 2017 kunakhazikitsidwa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Kunena za malamulo, tili nawo odzaza dengu.

Chovuta chagona pena. Chiphaso chilichonse chimalipiridwa, ndipo ndalamayo imalowa m'thumba la khonsolo, pamodzi ndi ya ziphaso za kumsika ndi misonkho ya nyumba. Ndalama zimenezi n'zimene khonsolo imayembekezera pochotsa zinyalala ndi polipira antchito ake. Motero amene ali ndi udindo wokana ndi yemweyo amene amapindula akavomera. Sindikunena kuti anthu a ku khonsolo ndi oipa mtima. Ndikungonena kuti munthu amene waikidwa kuweruza pakati pa thumba lake ndi tulo ta anthu amene sakuwadziwa amafunika womukumbutsa.

Ubale wa makhonsolo ndi mowa ndi wakalekale kuno kummwera kwa Africa. Mu 1908 ku Natal kunapangidwa lamulo limene linatsegulira khonsolo ya Durban njira yokhala yokhayo yofulula ndi kugulitsa mowa wa masese kwa anthu akuda, ndipo phindu lake ndilo linkayendetsera malokeshoni. Mchitidwe umenewu unafalikira ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku matauni a migodi ya Copperbelt, kumene agogo athu aamuna opita kukafuna ntchito anakaupeza. Mu June 1959 amayi a ku Cato Manor mu Durban analowa m'maholo a mowa a khonsolo atanyamula ndodo, nathamangitsa amuna, nataya mowa pansi, chifukwa malipiro a amuna awo ankathera mmenemo pamene iwo eni ankamangidwa akafulula kunyumba. Sindikuti titole ndodo, amayi; masiku ano cholembera chimafika patali kuposa ndodo. Ndangotchula izi kuti tidziwe kuti sitili oyamba kufunsa khonsolo kuti ili mbali ya yani.

Palinso china chimene ndimaona kuti chinatifooketsa. Kuyambira mu 2005 mpaka pa chisankho cha May 2014, dziko lino linakhala lopanda makhansala. Kwa zaka 9 panalibe munthu wa m'dera wosankhidwa ndi ife amene tikanamuimitsa pa msewu n'kumufunsa za ngalande, za msika kapena za bala. M'zaka zimenezo ambiri tinazolowera kuganiza kuti khonsolo ndi nyumba ya kutali kumene munthu amangopitako kukalipira. Makhansala anabwerera, koma chizolowezi chowafunsa sichinabwerere msanga. Timawaona pa maliro ndi pa nthawi ya kampeni, tikuiwala kuti iwo ndiwo amakhala m'makomiti mmene nkhani zotere zimakambidwa.

Kwathu nkhaniyi inayambira ku banki m'khonde, tsiku lina titamaliza kuponya masheya. Ine ndinkayesa kuti amayi onse adzalankhula ndi mawu amodzi, koma sizinatero. Mayi wina, amene amakazinga chipisi ndi kanyenya pa khomo la balayo, anati fizi ya ana ake awiri imachokera kwa anthu oledzera omwewo, ndipo munthu woledzera sawerenga chenje. Wina amachititsa lendi zipinda ziwiri kwa atsikana ogwira ntchito pamenepo. Wina ananena mawu amene anatikhalitsa chete tonse: "Amuna anga adzamwa ndithu, bala ikhalepo kapena isakhalepo. Akamwera pano, akagwa ndimakawatola ndekha. Akamwera kutsidya kwa mtsinje, ndidzawatola kuchipatala atakhapidwa ndi achifwamba." Kumbali ina kunali amayi amene sankafuna kumva china chilichonse koma kuti balayo itsekedwe lero lomwe, ndi kuti mwini wake asamuke.

Ine ndinaima pakati, ndipo ndikadaimabe pomwepo. Kupempha kuti bala itsekedweretu kumakoma m'kamwa, koma kawirikawiri kumathera m'malere, chifukwa khonsolo imangoyankha kuti munthuyo ali ndi chiphaso, nkhani n'kuthera pomwepo. Kupempha kuti zolembedwa pa chiphaso zitsatidwe n'kovuta kukukana, pakuti ukupempha khonsolo kuti ilemekeze siginecha yake yomwe. Komanso sindinaiwale kuti mwini bala uja ndinamusambitsira ana pa maliro a mwamuna wake. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tinafuna kuchotsa phokoso popanda kuswa mkhate wa mayi wamasiye.

Chotero tisanapite kwina kulikonse tinayamba tapita kwa iye, amayi atatu, m'mawa akuwerenga mabotolo opanda kanthu. Anatiyalira mphasa kuseri kwa nyumba, ndipo titapatsana moni tinafotokoza chimene tinadzera. Anatimvetsera mpaka kumapeto osatidula mawu, kenaka anati: "Achemwali anga, inu amuna anu amabwera ndi malipiro mwezi ukatha. Ine amuna anga ndi furiji iyi. Ndalama yeniyeni imayamba kulowa 11 koloko, anthu akatenthedwa. Ndikatseka msanga, onsewa adzapita ku shabini ya kuseri kwa msika, kumene mwini wake alibe n'chiphaso chomwe, salipira kanthu ku khonsolo, ndipo amagulitsa mpaka tambala. Mukufuna mulange ine amene ndinatsata njira?" Tinasowa choyankha, pakuti mawu ake anali oona. Potiperekeza anatiuza motsitsa mawu kuti ana ake awiri aang'ono anawatumiza kwa mng'ono wake, chifukwa nawonso sankagona. Komabe usiku womwewo nyimbo zinalira monga mwa masiku onse.

Ulendo wathu woyamba wa ku khonsolo sunaphule kanthu. Tinauzidwa kuti bwana woona za ziphaso watuluka, tibwere mawa. Mawa lake anali ku msonkhano. Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma. Iye anati mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo ya mu ofesi, koma pepala lodindidwa limasowetsa mtendere munthu amene lili pa tebulo lake. Anatiuza kuti tigule kope la sukulu, ndipo usiku uliwonse mmodzi wa ife azilembamo tsiku, ola limene nyimbo zaleka, ola limene anthu omaliza atuluka, ndi china chilichonse chachitika, popanda mawu onyoza kapena okokomeza. Tinalemba motero kwa masabata 6, tikusinthana. Kenaka tinalemba kalata yaifupi, nyumba 23 zinasaina, ndipo tinaipanga makope: ina ya bwana mkulu wa khonsolo, ina ya khansala wathu, ina ya amfumu a m'dera, ina ya woyang'anira zaumoyo, ina ya apolisi oona za chitetezo cha m'madera. Paliponse tinkapempha kuti atidindire kope lathu ndi kulembapo tsiku.

M'kalatamo tinafunsa mafunso awiri okha: kodi chiphaso cha malo amenewa ndi cha mtundu wanji, ndipo chimanena kuti azitseka nthawi yanji? Yankho lake linatidabwitsa. Chiphasocho chinali cha bala wamba, osati cha malo ovinira, ndipo ola lotsekera linali lolembedwa poyera, kutali ndithu ndi ola limene kope lathu linkasonyeza. Zaka zonsezo tinkavutika ndi chinthu chimene pepala la khonsolo linali litaletsa kale, kungoti panalibe amene analiwerenga mokweza.

Woyamba kufika pamalopo anali woyang'anira zaumoyo, ndipo apa mpamene ndinazindikira kanthu kena kamene ndifuna amayi mukasunge. Antchito a khonsolo amayendera malo masana. Phokoso silisiya chizindikiro. Munthu akafika 10 koloko m'mawa amapeza bala ili zii, mtsikana akukolopa, wailesi ikulira pang'onopang'ono, ndipo amabwerera akuganiza kuti amayi a kuno ndi ankhanza chabe. Koma chimbudzi chosefukira, mpanda wonunkha ndi ngalande yodzaza mabotolo zimaoneka dzuwa lili pamutu. Nkhani yathu inayenda chifukwa cha chimbudzi, ndipo phokoso linakwera pamsana pa chimbudzicho. Ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanalamula kuti munthu asasaine chiphaso cha malo amene sanaimepo pakati pa usiku wa Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, ndi kuti maola a chiphaso azilembedwa ndi penti pa khoma la kunja, pamene mwana wa Sitandade 3 angawerenge. Ndikanafunanso kuti pempho lililonse la chiphaso chatsopano liziyamba lapachikidwa pamalopo ndi kulengezedwa kwa amfumu, kuti oyandikana nawo alankhule maziko asanakumbidwe, chifukwa munthu akagula kale furiji ndi malata, kumukaniza kumaoneka ngati nkhanza.

Nthawi yopemphanso chiphaso itakwana, tinaitanidwa pamodzi ndi mwini bala. Tinavala zitenje zathu zabwino, tinanyamula kope lija. Mkulu wina wa pamenepo anayamba ndi kutikumbutsa kuti tauni ikukula, kuti malonda ndi chitukuko, ndi kuti walira mvula walira matope. Mayi wathu wachikulire uja anapempha mwaulemu kuti ayankhe, nati: "Bwana, mvulayo sitinaiitane ndife, ndipo matopewo sakulowa m'nyumba mwanu." Anthu anaseka, ngakhale mkuluyo anamwetulira. Khansala wathu, amene poyamba ankaoneka wozengereza chifukwa omwa mowa nawonso amavota, anawerenga mokweza masamba awiri a m'kope lathu. Mwini bala anafotokozanso za shabini ya kuseri kwa msika, ndipo ife tinamuchitira umboni kuti sakunama.

Chigamulo chinali chakuti chiphaso chiperekedwenso, koma zokuzira mawu zilowe m'kati, nyimbo zizileka 10 koloko, chitseko chizitsekedwa pa ola la pa chiphaso, pamangidwe chimbudzi china cha akazi paokha, ndipo mpanda wa udzu ulowedwe m'malo ndi khoma la njerwa. Amayi amene ankafuna kuti balayo itsekedwe anabwerera okhumudwa, ndipo mmodzi mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphuno. Mayi wa chipisi uja anadandaula kuti malonda ake atsika, ndipo ndikhulupirira kuti anatsikadi. Sindinganene kuti zonse zinakhala bwino. Pa masiku 7 a sabata, anayi kapena asanu timagona tulo tabwino. Kumapeto kwa mwezi ndi pa masiku a mpira waukulu, dzanja la mnyamata woika nyimbo limaiwala chigamulo. Zikatero sitithamangira ku polisi. Timayamba tamuimbira foni mwini wake, ndipo kawirikawiri mawu amatsika. Kope lija sitinalitaye, ndipo iye akudziwa kuti sitinalitaye.

Inu amayi a kumudzi mwina mukuti izi ndi nkhani za m'tauni. Komatu magetsi a dzuwa afika pa malo a malonda ambiri, ndipo pamene pafika batire, chokuzira mawu sichichedwa. Achemwali anga amene anakwatiwa kumudzi amandiuza kuti kwawo vuto lalikulu si ola lotsekera koma lotsegulira. Kachasu amayamba kugulitsidwa m'mamawa, anthu asanapite ku munda, pa nyumba imene ili m'njira ya ku sukulu, ndipo m'nyengo yolima makasu amagona pakhonde eni ake ali pa mowa. Kumudzi khomo loyamba ndi la amfumu, ndipo n'koyenera kuti liyambe kugogodedwa ndilo. Koma dziwani kuti amfumu sapereka chiphaso cha bala. Chimenecho chimachokera ku khonsolo ya boma lanu. Zikachitika kuti mwini malowo ndi mphwake wa amfumu, monga zimachitikira, nkhani ingathe kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku ya dera, mpaka kwa khansala. Gulu la amayi la pa sukulu ndi komiti ya sukulu zili ndi mawu olemera pa nkhani ya mowa wogulitsidwa pafupi ndi ana, ndipo kalata yochokera kwa iwo siitayidwa msanga. Wofulula wa kumudzi nayenso nthawi zambiri ndi mayi mnzathu wofuna sopo ndi fizi, tsono kukambirana naye za maola ndi za ana kumabala zipatso kuposa kumuswera mbiya.

Kwathu kuno nkhani yatsala ndi ya shabini ija. Chiyambire pamene bala inayamba kutseka pa nthawi yake, anthu ambiri akatuluka amalunjika kuseri kwa msika, monga momwe mwini bala ananenera, ndipo amayi a kumeneko ndiwo tsopano sakugona. Anabwera kudzabwereka nzeru ya kope, ndipo tinawathandiza kulemba kalata yawo. Kalatayo ili ndi masiginecha 31, ndipo dzina lachitatu pa mndandandawo ndi la mayi mwini bala. Tinaipereka mwezi watha, anatidindira kope lathu, natiuza kuti tidikire komiti ikhale. Lachinayi likudzali tikupitanso kukafunsa pamene yafika, ine ndi iyeyo, ndipo tapangana kuti tidzanyamuke ndi minibasi ya m'mawa kuti tikapeze bwana asanatuluke.